Chala cha a Hudson

Amuna anga, a Hudson Namakhwa, amawerenga chilichonse, ndipo sindikukokomeza. Mukawapatsa mankhwala a mutu, mutuwo udzapola wokha iwo asanamalize kapepala kam'kati kaja. Amawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, chala chikutsata mzere. Chalacho si cholozera ngati anthu ena onse, koma chachikulu. Tsiku la ukwati wathu ku Limbe abusa anaima ndi cholembera m'manja, kwaya inabwereza nyimbo katatu, mkwati ali phee kuwerenga setifiketi mpaka dzina la kampani imene inasindikiza. Mayi anga anandinong'oneza kuti mwina munthuyu akufunafuna pothawira. Papita zaka 26 ndipo sanathawe, koma khalidwelo likadalipo ndipo limandipsetsabe mtima.

Kuno ku Sheffield, ku Mangalande, tinabwera chifukwa cha ine. Ndine namwino pa chipatala cha boma, ndipo iwo ananditsatira patatha chaka, atanyamula mwana wathu Luntha ndi masutikesi awiri. Kwathu anali kalaliki. Kuno ndi kondakitala wa tramu, sitima yamagetsi ija yoyenda m'misewu ya mumzinda. Amaikonda ntchitoyi moti mungaganize kuti tramuyo anaigula okha. Agogo achizungu a m'njira yonse amawadziwa dzina, ndipo mmodzi anawalukira chipewa chobiriwira chimene sindilola kuti avale tikamapita ku tchalitchi.

Ntchito yawo ina ilibe malipiro. Amalawi a kuno tilibe amalume pafupi, ndiye achinyamata akafuna kumanga banja amasowa nkhoswe. Wina anayamba kupempha a Hudson, mnzake anatsatira, lero ali ndi maukwati khumi ndi umodzi, kuyambira ku Manchester mpaka ku Newcastle. Banja likayamba kufuka utsi, foni imalira kwathu. Amavala suti yawo yofiirira, n'kukwera sitima, n'kukakhala pakati pa anthu awiri osalankhulana mpaka mmodzi ataseka. Pa maukwati onsewo watha umodzi wokha, ndipo ngakhale pamenepo anagawa mapoto popanda wotukwana.

Za chala chija anandiuza titakhala m'banja zaka zitatu. Kwawo ndi ku Phalombe, koma anakulira ku Kasungu, pa esiteti ya fodya kumene bambo awo anali tenanti. Tsiku lofika, akalaliki anatulutsa pepala, bambowo anadinda chala chachikulu, n'kuuzidwa kuti akachoka asanaloledwe adzataya fodya yense ndipo adzalipa chindapusa. Anakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Chaka chilichonse ankafuna kubwerera kwawo, chaka chilichonse ankakumbukira pepala limene linali mu chitini pansi pa mphasa. A Hudson atafika sitandade 6 analitulutsa n'kuliwerenga, chala chili pa mzere kuti asasochere. Mzere wachiwiri kuchokera pansi unkanena kuti pakatha nyengo zitatu tenanti ali ndi ufulu wochoka, ndipo mwini esiteti adzamulipirira ulendo. Bambo aja anakhala zaka zinayi akuopa pepala limene linali litawamasula kale. Boma la kwathu litathetsa utenanti zaka zapitazi, mkuluyo anali atagona kalekale. A Hudson anawerenga nkhaniyo katatu pa foni, kenako analowa kuchipinda n'kutseka chitseko.

Tsono Lamulungu lina m'mwezi wa Malichi, titangochoka ku tchalitchi, kunabwera Mwandida. Ndi mtsikana wa ku Dedza, namwino mnzanga, woimba bwino mu kwaya, woseka mokweza mpaka mzungu wa khomo loyandikana nafe amamudziwa mawu. Tsikulo sanaseke. Anakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama pamiyendo, tiyi n'kumazizira.

Kwathu Mwandida ankagwira mu wodi ya ana, ndipo ana ndiwo mtima wake. Kuno anabwera kudzera pa nyumba ina yosamalira okalamba, chifukwa ndiyo inamulemba ntchito. Anagwira zaka ziwiri ndi miyezi iwiri osadwala ngakhale tsiku limodzi. Kenako chipatala chathu chinamuitana ku mayeso a ntchito ya mu wodi ya ana, ndipo anapambana. Kalata inati ayankhe pofika Lachisanu, apo ayi malowo apatsidwa kwa wina.

Apa ndi pamene chimalawi chinamugwetsa. Mzungu akapeza ntchito ina amasaina kaye, kenako n'kutumiza mizere iwiri ya notisi. Mwandida ayi. Anaona kuti munthu amene wakusunga zaka ziwiri sungamuchokere ngati wakuba. Anakulunga chitenje chatsopano m'pepala lokongola, n'kupita kwa abwana ake, Mayi Ogden, kukatsanzika asanayankhe n'komwe ku chipatala. Mayiwo analandira chitenjecho, anathokoza, kenako anatsegula kabati n'kutulutsa kontrakiti. Pa tsamba 14 panalembedwa kuti wochoka zaka zitatu zisanakwane adzalipa mapaundi 9,000.

Ndinamufunsa ngati sanawerenge posaina. Anayang'ana pansi. Anati tsiku limene anafika kunali chisanu choopsa, Mayi Ogden anakamutenga okha ku bwalo la ndege, n'kumugulira jekete panjira. M'mawa mwake anamupatsa mapepala.

"Anti, ndikanawerenga bwanji pamaso pawo?" anatero. "Zikanakhala ngati kununkhiza chakudya pamaso pa amene wakuphikira. Ndinangosaina. Ndiye ndaganiza kuti ndingowalembera achipatala kuti sorry, sindibwera. Miyezi teni si yambiri."

Miyezi khumi si yambiri, koma malo a mu wodi ya ana sadikira munthu, ndipo tonse tinkadziwa zimenezo. Ine magazi anawira. Ndinamuuza kuti safunsa anadya phula, kenako ndinachita manyazi chifukwa mwanayo anali akulira kale. Pamenepo ndinakumbukira uthenga umene unazungulira pa gulu lathu la anamwino pa foni sabata yomweyo, woti tsopano kuli lamulo loletsa mabwana kulipiritsa munthu chifukwa chosiya ntchito msanga. Ndinaupeza, ndinauwerenga mutu wake mokweza, ndinaimirira n'kuvina pang'ono pakati pa balaza. Ndinati mawa lomwe ndikawaonetsa Mayi Ogden kuti Amalawi sitinabwere kuno kudzagulidwa.

A Hudson anapempha foniyo. Anavala magalasi, chala chachikulu pa galasi la foni, milomo kuyamba ntchito yake. Ine ndinali nditayamba kale kukonza mawu okalankhula. Patapita nthawi anabweza foni n'kunena modekha kuti nkhaniyo ndi yoona, koma ndi ya zigawo zina za ku Amereka. Dzina la dera linali m'ndime yachitatu, imene palibe namwino ndi mmodzi yemwe pa gulu lathu la anthu 60 anafikapo. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndinakhala pansi, ndipo kunena zoona ndinawakwiyira iwo kuposa Amereka.

Kenako anatembenukira kwa Mwandida n'kumuuza kuti asalembe kalata iliyonse mpaka Lachinayi. Anati ntchito ili ngati banja: anthu awiri anagwirizana, wina akufuna kuchoka, ndipo nkhani yotero sikambidwa popanda ankhoswe. Ndinawakumbutsa kuti kuno ndi ku Mangalande, osati ku Phalombe. Anangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kupempha kontrakitiyo. Anaiwerenga masana onse, masamba 22, mpunga uli kuzizira patebulo.

Lolemba ananditumiza kwa mayi wa yuniyoni, bungwe loimira antchito, ku ntchito kwathu. Mayiyo anandiuza kuti kuno lamulo ngati la ku Amereka lija kulibe, koma boma linalemba malangizo kwa olemba ntchito anthu a zaumoyo ochokera kunja. Malangizowo amati bwana angapemphe kubwezeredwa zimene anawonongadi, osati nambala yongoopsezera. Kuti ndalamayo izichepa munthu akamakhalitsa. Komanso kuti zolipira zina ndi za bwana yekha. Anandisindikizira mapepalawo n'kundichenjeza kuti ndisalonjeze mtsikanayo chilichonse. Ndinawapatsa a Hudson madzulo, ndipo nawonso anadutsa pansi pa chala.

Mwandida anakauza Mayi Ogden kuti amalume ake akufuna kudzacheza nawo, ndipo iwo anavomera. Lachinayi m'mawa a Hudson anasinthana shifiti ndi mnzawo, anavala suti yofiirira ija, n'kundiuza kuti ndivale bwino chifukwa nkhoswe sayenda yekha. M'basi anandipatsa lamulo limodzi lokha: nkhoswe wamng'ono salankhula wamkulu asanamalize. Ndinawafunsa kuti nanga wamkuluyo akapanda kumaliza? Anati ndiye kuti wamng'ono wapuma.

Mayi Ogden ndi mzimayi wamtali, wa tsitsi la imvi, wooneka wotopa. Anatilandira atakonzekera nkhondo, kontrakiti ili patebulo, tsamba 14 lili pamwamba. A Hudson sanaliyang'ane n'komwe. Anafunsa za moyo wawo, za ana awo, za chimfine chimene chinavuta m'nyumbamo mwezi wathawo. Kenako anati tabwera kudzathokoza. Anatchula za bwalo la ndege, za jekete, za tsiku limene mayiwo anamuperekeza Mwandida kwa dokotala wa mano. Anati kwathu munthu amene wakusungira mwana ndi m'bale wako, ndipo makolo ake a Mwandida akanakhala pafupi akanabwera ndi nkhuku. Ine ndinali kudzitsina pa ntchafu kuti ndisatsegule pakamwa. Tinabwera kudzamenya nkhondo, iwo akugawa nkhuku.

Koma ndinaona mapewa a Mayi Ogden akutsika. Atafunsidwa kuti anene chakukhosi kwawo, analankhula nthawi yaitali. Anati anamwino amabwera, amaphunzitsidwa, akangozolowera chipatala chimawatenga, ndipo iwo amatsala ndi okalamba 40 opanda wowapatsa mankhwala. Anati Mwandida ndiye namwino wabwino kuposa onse amene anakhala nawo, ndipo kontrakitiyo sanalembe iwo koma mwini nyumbayo, amene amakhala kutali. A Hudson anamvetsera osadula mawu, n'kuvomera kuti dandaulolo ndi lomveka. Kenako anasendera kutsogolo.

"Mayi, kwathu banja likatha sitikangana m'nyumba," anatero m'Chingerezi chawo chochedwa chija. "Timatulutsa katundu pabwalo, chimodzichimodzi, aliyense aone. Uyu anagula poto, atenge poto. Mwana wathuyu sakukana kubweza chimene munamugulira. Tikungopempha kuti mutulutse katunduyo, timuone."

Mayi Ogden anati nambala ili pa pepala. A Hudson anati nambala aiona, koma katundu sanamuone. Anatulutsa malangizo a boma aja n'kuwaika patebulo mwaulemu ngati akupereka mphatso, ndipo anapempha kuti awerengere limodzi. Anawerengadi, mokweza, ndime ndi ndime, chala chachikulu chikuyenda, mzungu wophunzira akutsatira ngati mwana wa sukulu. Atafika poti ndalama izichepa ndi nthawi, anakweza mutu n'kunena kuti ngakhale pa msika wa kaunjika, jekete lovalidwa zaka ziwiri siligulidwa pa mtengo wa latsopano. Mayiwo anaseka mosafuna.

Anati ayenera kuimbira mwini nyumba, ndipo mwina yankho lidzabwera sabata yamawa. Apa panavuta, chifukwa sabata yamawa Lachisanu likhala litadutsa. Mwandida anandigwira dzanja. Ndinatsegula pakamwa, a Hudson anandiponda phazi.

"Palibe vuto, mayi," anatero. "Tidikira pompano. Nkhoswe sabwerera kunyumba nkhani ili pakati."

Tinadikira maola awiri ndi theka pa balaza la okalamba. Ine ndinkangoyang'ana wotchi n'kumatukwana chamumtima. Iwo anapeza anzawo. Mdala wina amene anagwira ntchito m'fakitale ya zitsulo anawazindikira kuti ndi kondakitala wa tramu, n'kuyamba kuwafotokozera za matramu akale. Gogo wina wamkazi atamva kuti Mwandida akufuna kukasamala ana odwala, anamuitana, anamugwira masaya onse awiri, n'kumuuza kuti apite, iwo akhala kale ndi moyo wawo. Ananena zimenezi mokweza, pakuti samva bwino, ndipo chitseko cha ofesi chinali chotsegula. Nthawi ya chakudya itakwana, antchito anatipatsa ifenso mbale, poti sakanachitira mwina. A Hudson anadya mbatata yosinja imene anatipatsa mpaka kunyambita supuni, n'kuyamikira wophika.

Itangodutsa 2 koloko Mayi Ogden anatiitana. Patebulo panali mapepala atatu okha. Katundu atatulutsidwa pabwalo, anapezeka kuti ndi tikiti ya ndege, malipiro a mayeso a unamwino, ndi lendi ya mwezi woyamba. Zina zonse zinali zolipira za kampani, ndipo mwini nyumba, atamva kuti malangizo a boma ali patebulo ndipo wakhalapo mkulu wa suti amene sakuchoka, sanafune kuti nkhaniyo ipite patali. Atachotsera zaka zimene Mwandida anagwira, panatsala mapaundi 640, olipira m'miyezi inayi. Mayiwo analonjezanso kalata yabwino ya umboni.

Mwandida analumpha kuti asaine. A Hudson anaika dzanja papepalapo.

"Mwanawe, werenga."

"Ankolo, pamaso pawo?"

"Pamaso pawo pomwepo. Amene akukufunira zabwino sakwiya ukamawerenga."

Anawerenga kuyambira deti mpaka pansi. Mayi Ogden anadikira, ndipo atamaliza anamuuza kuti akanakonda akanachita zimenezi tsiku loyamba lija. Kenako anatsegula kabati, anatulutsa chitenje chija, n'kufunsa kuti kodi chimavalidwa bwanji. Pamenepo nkhoswe wamkulu anali atamaliza, ndiye ndinaimirira n'kuwamanga nacho m'chiuno bwinobwino. Ndi ntchito yokhayo imene ndinagwira tsiku lonselo, ndipo ndinaigwira mwaluso.

Mwandida anayankha achipatala madzulo omwewo, tili pa siteji ya basi. Atatumiza uthengawo anaseka kuseka kwake kuja, mpaka njiwa zinauluka. Ine ndinaimba nthungululu pakati pa Sheffield, azungu akutembenuka, ndipo sindinachite manyazi ngakhale pang'ono. Anagwira mwezi wake wa notisi, anaphunzitsa namwino watsopano, ndipo tsiku lomaliza anatsanzika chipinda ndi chipinda monga anafunira poyamba.

Mapepala ake a ntchito yatsopano atatuluka, tsiku loyamba linali Lolemba, ndipo ine ndinali pa shifiti ya m'mawa. Tinakumana pa siteji, iye ali mu yunifolomu yatsopano, yosita mpaka yakuthwa m'mbali. Tramu itafika tinapeza kondakitala ndi a Hudson. Amakana mpaka lero kuti sanakonze dala, koma ine ndinawaona Loweruka akuimbira mnzawo foni kukhitchini. Anali atavalanso chipewa chobiriwira chija.

Mwandida anawauza kuti kontrakiti ya chipatala inali ya masamba 31, ndipo anaiwerenga yonse mu ofesi momwemo, mayi wa mu ofesiyo mpaka anapita kukaphika tiyi n'kubwerako. A Hudson anangogwedeza mutu ngati ndi nkhani wamba, n'kumudulira tikiti. Mtsikanayo anaitembenuza. Kumbuyo kwake kuli timalemba ting'onoting'ono timene palibe munthu wamoyo anawerengapo kupatula amuna anga. Mwandida anaika chala chachikulu pa mzere woyamba, anayamba kugwedeza milomo, n'kumawerenga mokweza ndi mawu awo ochedwa aja.

Ankawaseka, ndipo ine ndinayamba kuseka naye. Koma nditayang'ana a Hudson ndinaona kuti sakuseka. Anaima pakati pa tramu, makina a matikiti ali pachifuwa, akuyang'ana chala cha mwanayo chikuyenda papepala, misozi ili mbwembwembwe. Ndinadziwa kuti sakuona tikiti. Ankaona chala china chachikulu, chakuda ndi inki, pa esiteti ya ku Kasungu.

"Usathamange, mwanawe," anatero. "Fika mpaka pansi."

Zaka 26 ndakhala ndikuchinena chala chimenecho. Chandichedwetsa ku banki, chandiziziritsira chakudya, chinandichititsa manyazi pa ukwati wanga womwe. M'mawa umenewo ndinawagwira dzanja pamaso pa anthu onse, ndinachifumbata chala chachikulucho, osachisiya. Ife a msinkhu wathu sitigwirana manja pagulu, ndipo anayang'ana uku ndi uku ngati agwidwa akuba.

"Amake Luntha," ananong'ona, "ndili pa ntchito."

Ndinawauza kuti ndikudziwa, ndipo okwerawo adikire. Sindinachisiye mpaka Mwandida atafika pa mzere womaliza.